Gome la Anthu Amene Adaiona Njala

Pa zinthu zonse zimene mtundu wa anthu umanyamula pochoka m'dziko la makolo ake kunka kukakhala pakati pa eni dziko lina, palibe chimene umachigwiritsa ndi manja awiri koposa kaphikidwe ka ndiwo zake. Pakuti chilankhulo chimatha kuzilala pakamwa pa ana, zovala zimasinthika ndi nyengo, ngakhale maina amene munthu adapatsidwa ndi agogo ake amafupikitsidwa kuti anansi asavutike powatchula, koma lilime limene lidazolowera mchere wa kwao silileka kuufuna kufikira tsiku la imfa. N'chifukwa chake kulikonse kumene anthu a ku Korea adafika, kaya ndi ntchito ya malonda, kaya ndi ya kuchiza odwala monga adachitira pa chipatala cha Daeyang Luke chimene chidatsegulidwa ku Lilongwe m'chaka cha 2008, sipapita nthawi yaitali pasanapezeke nyumba ina, kawirikawiri yobisika kuseri kwa mpanda, m'mene mumatuluka fungo la adyo, la mafuta a chitowe ndi la kabichi wosasa.

Ine sindikadalowa m'nyumba yotere mwa kufuna kwanga ndekha, pakuti ndine munthu wa nsima. Chimene chidatitengera kumeneko ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene atakhoza bwino mayeso ake a Fomu 4, makolo ake namfunsa mphatso imene mtima wake ukhumba, sadatchule nsapato kapena lamya ya m'manja, koma adati afuna kuti banja lonse likadye pamodzi chakudya cha ku Korea, chimene kwa zaka zambiri adangochiona ndi maso m'masewero a pa kanema amene achinyamata a masiku ano amawatsata usana ndi usiku. Ndipo adaonjeza mawu amene adatiimika mitu tonse, akuti amayi anga, amene iye amawatcha agogo aakulu, asatsale. Amayiwo ndi munthu wa zaka zoposa 80, wobadwira kufupi ndi Lunzu, amene amakhulupirira kuti chakudya chimene sudaone dzanja lochiphika uyenera kuchiyandikira mosamala. Atamva pempholo adakhala duu kanthawi, kenaka adati, "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imfotere yekha. Ndipatseni chitenje changa chatsopano chija."

Tidakhala pa gome lalitali, mibadwo inayi ya nyumba imodzi, ndipo tisanatchule n'komwe chimene tifuna kudya, mtsikana wotitumikira adayamba kuyala timbale ting'onoting'ono pakati pathu kufikira gome lonse lidadzala. M'kena mudali kabichi wofiira ndi tsobola, m'kena mphukira za soya zodonthezera mafuta a chitowe, m'kena tinsomba touma tokazinga motsekemera pang'ono, timene aliyense wodziwa bonya wa kunyanja akadatilonjera ngati abale, m'kena masamba obiriwira ongowiritsa pang'ono. Timbale timeneti eni ake amatitcha banchan, ndipo lamulo lake n'lakuti si ta munthu mmodzi. Aliyense amalandira kabakuli ka mpunga wake yekha, koma ndiwo n'za onse, ndipo kambale kakatha amakadzazanso popanda kuonjeza mtengo. Pamene ndidaona manja a ana ndi a akulu akukumana pakati pa gome, mtima wanga udabwerera ku chidyerano chija cha kumudzi, pamene nyumba iliyonse inkabweretsa mbale yake pabwalo, mwana wamasiye nakhuta pamodzi ndi ana a mfumu. Pakuti m'nyumba zathu za m'tauni mwambo umenewu udafa mwakachetechete, aliyense amapakuliridwa mbale yake nakadyera kumene afuna, wina kuchipinda, wina patsogolo pa kanema.

Palibe amene adayamba kudya. Mdzukulu uja adaweramira kwa amayi nati, "Agogo, ku Korea palibe amene amakhudza chakudya wamkulu wa pa gome asananyamule supuni yake. Tonse tikudikira inu." Nthawi yomweyo mwini nyumbayo, mayi wa ku Korea wa imvi zoyamba kumera, ataona kuti pa gome pathu pali nkhalamba, adasiya zimene ankachita nadza yekha ndi tiyi wa barele wokazinga, amene kwao amamwa m'malo mwa madzi, adathira m'kapu ya amayi, dzanja lamanzere litachirikiza lamanja, mutu utawerama. Amayi adalandira ndi manja awiri, ataomba kaye m'manja pang'onopang'ono monga achitira akazi a kwathu. Akazi awiriwa sadamvane liwu ngakhale limodzi, komabe mlendo uja atachoka amayi adanditembenukira nati, "Ameneyu ngwolangidwa." Atatero adapempherera chakudya, natenga supuni.

Timitengo tiwiri tachitsulo timene Akorea amatolera nato ndiwo adatiika pambali mwaulemu, ndipo palibe adawadzudzula, popeza kwa eni akenso mpunga ndi msuzi amadya ndi supuni. Choyamba chimene adalawa ndi kabichi wofiira uja, kimchi, amene dzina lake lidamveka m'dziko lonse lapansi. Kukoma kwake sikubwera nthawi imodzi: lilime limayamba lamva kuwawasa, kenaka mchere, kenaka kafungo ka nsomba kochokera kutali, ndipo pamapeto pake, munthu atayesa kuti zatha, tsobola amayaka kukhosi. Kamdzukulu kanga kakamuna kadalengeza misozi nikathamangira madzi. Mkamwini wanga, bambo wa ana amenewa, adanunkhiza nafunsa motsitsa mawu ngati ndiwozo sizidasase. Amayi adatafuna mosafulumira, nameza, nati, "Zidasasa, inde, koma n'zochita kusasitsa dala. Chovunda n'china, chogonera n'china." Pambuyo pake padafika mbale ya msuzi wa soya wosasa, wa mtundu wa dothi, m'mene munkayandama masamba akuda, olimbirapo potafuna. Amayi adavuula tsamba limodzi ndi supuni, naliyang'anitsitsa, nalilawa. Ndipo nkhope yao idasinthika monga ya munthu amene wakumana ndi mnansi wake pa msika wa kutali. "Uwu ndi mfutso," adatero. "Anthu amenewa adaiona njala."

Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo awa adagonera mumtima mwanga kufikira ndidayamba kufunsa ndi kuwerenga za dziko limenelo; ndipo ndidapeza kuti nkhalamba yosadziwa kumene Korea ali pa mapu idawerenga mbiri ya mtundu wonse m'supuni imodzi ya msuzi. Masamba aja adalidi ouma, masamba a radishi amene alimi a kumeneko amawapachika pansi pa tsindwi kuti aume ndi mphepo yozizira, nawatcha siraegi. Korea ndi dziko la mapiri, pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a nthaka yake, kotero kuti minda ili m'zigwa zopapatiza. Ndipo kuyambira Disembala kufikira Febuluwale kumazizira kotero kuti mitsinje imaundana, nthaka imauma gwa, chipale chimakuta minda, osapezeka tsamba laliwisi lakuti mkazi athyole. Chotero chisanu chisanafike, m'mwezi wa Novembala, akazi a m'banja ndi a m'mudzi amasonkhana pa ntchito imene amaitcha kimjang: amang'amba makabichi ochuluka, kuwaviika m'madzi a mchere kufikira atafota, kuwatsuka, kenaka kupaka pakati pa tsamba lililonse phala la tsobola wosinja, adyo, jinja, radishi ndi msuzi wa nsomba kapena tinkhanu ta m'nyanja tosungidwa mumchere. Kale ankalonga zonsezi m'mbiya zikuluzikulu zadothi, nazikwirira m'nthaka kulekeza m'khosi, kuti ndiwo zisaundane ndi chisanu ndiponso zisasase mofulumira. Lero agwira pa nyumba iyi, mawa pa inayo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo wobwera kudzathandiza sabwerera chimanjamanja. M'chaka cha 2013 bungwe la UNESCO lidalemba mwambo umenewu pakati pa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo ndidakondwera kuona kuti chimene adachilemekeza kwenikweni ndi kusonkhana ndi kugawana kuja.

Koma chisanu sindicho chidali mdani wamkulu. Nthawi yoopsa inkadza chisanu chitatha, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene mpunga wa chaka chatha watha m'nkhokwe koma barele wa m'munda asanache; nyengo imeneyi ankaitcha boritgogae, ndipo okalamba a kumeneko amaikumbukira kufikira lero, mmene anthu ankakwera m'mapiri kukafuna mizu, masamba a kutchire ndi makungwa a mitengo. Ife amene timadziwa Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikuoneka chobiriwira m'munda pamene m'nkhokwe mukulowa nkhuku, sitifuna wotimasulira za nyengo yotere. Pamwamba pa izi padadza ulamuliro wa Japan kuyambira 1910 kufikira 1945, m'mene mpunga wambiri wa Korea unkakwezedwa m'zombo kunka kutsidya, olima ake natsala ndi mapira. Ndipo asanapume padabuka nkhondo ya 1950 kufikira 1953, imene idasiya dziko logawikabe pakati, kupasula mizinda ndi kusiya amasiye osawerengeka. M'masiku amenewo anthu okhala pafupi ndi misasa ya asilikali a ku America, makamaka ku Uijeongbu, ankatola nyama ya m'zitini ndi masoseji otsala, naziphika pamodzi ndi kimchi ndi tsobola mumphika umodzi. Ndipo mphika umenewo, budae jjigae, ulipo m'nyumba zodyeramo kufikira lero, dzina lake la msasa wa nkhondo osalisintha. Ngakhale m'zaka za m'ma 1970 boma linkalamulabe kuti mpunga uzisakanizidwa ndi barele kapena mbewu zina, ndipo aphunzitsi ankatsegula mbale za kamba wa ana a sukulu kuona ngati makolo amvera.

Amayi sadadziwe chimodzi cha izi, koma adali ndi sukulu yao. Adali kamtsikana pamene mvula idakanika ndipo njala ya 1949 idagwa pa chigawo cha kummwera, makamaka m'midzi yozungulira Blantyre. Amakumbukira amuna akuchoka kukasuma kutali, ena osabweranso, akazi akufukula zitsa za nthochi ndi mizu imene idafunika kuiphika kawiri katatu kuti ululu wake uchoke, ndi gaga amene kale ankapatsa nkhuku atasanduka chakudya cha ulemu. Amanena kuti chimene chidawaimika pa miyendo ndi zikwatu za mfutso zimene amayi ao adapachika kudenga chaka cha zokolola, pamene anzao ankawaseka kuti afutsa ngati ali ndi ana makumi awiri. Nkhani ya Yosefe ndi nkhokwe za ku Aigupto timaimva m'tchalitchi ngati ya mfumu ndi nduna yake. Koma m'midzi yathu, ndiponso ndiyesa m'midzi ya ku Korea, Yosefe wa nyumba iliyonse adali mkazi wokhala pa mphasa, amene ankayang'ana masamba ochuluka a dzinja naganizira za mwezi umene sipadzakhala tsamba.

Pali kanthu kena kamene ndiyenera kukatchula ndisanapitirire, chifukwa kadandidabwitsa. Tsobola amene lero ali ngati magazi a chakudya cha ku Korea si mbewu ya kumeneko. Kwao n'ku America, ndipo adafika m'dzikolo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ataoloka nyanja m'zombo za amalonda a Chipwitikizi nadzera ku maiko oyandikana nawo. Kimchi wa makolo akale adali wosafiira. Chimanga chathu chomwechi, chimene timalumbirira kuti munthu wosadya nsima yake wagona ndi njala, kwaonso n'ku America, ndipo makolo athu asanachilandire ankadya mapira ndi mawere. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ndipo mitundu iwiri yotalikirana chotere idalandira alendo ochokera ku munda umodzi, uwu nutenga tsobola, uwo nutenga chimanga, uliwonse nuyesa mlendo wake mwana wobadwira m'nyumba.

Za nyama sindinena zambiri, ngakhale kuti ana ndiyo adaikonda koposa. Adatibweretsera kambaula pakati pa gome, ndi nyama ya nkhumba yodula mopyapyala, ndi ya ng'ombe yogonera mu msuzi wotsekemera imene amaitcha bulgogi. Tidaotcha tokha, wotitumikira naidula ndi sizasi pamoto pomwepo. Kadyedwe kake n'kakuti munthu amayala tsamba la letesi pa chikhatho, naikapo kanyama, kampunga, kadyo ndi phala la soya, nakulunga, naponya m'kamwa kamodzi. Apa amayi adapempha madzi osamba m'manja, nasangalala kuti tsopano afika pa chakudya chodya ndi dzanja. Ndipo mdzukulu uja, amene adaona m'masewero ake kuti munthu amakulungira tsamba iye amene amkonda, adakulunga limodzi mosamala nagwada pambali pa mpando wa agogo ake aakulu, nati, "Landirani, agogo." Makolo ake sadamtume. Ulemu umene ife tidalema kuwaphunzitsa ana ndi mawu, mwanayu adakautola ku Korea kudzera pa kanema, naubweretsa kwa mwini wake.

Tsono chimene chidakhala cholemera mumtima mwanga ndi ichi. Korea wa kummwera lero ndi limodzi la maiko olemera a dziko lapansi. Lamya za Samsung zili m'matumba mwa ana athu, magalimoto a Hyundai ndi Kia ali m'misewu yathu. Anthu amenewa akadafuna, akadataya masamba ouma ndi kabichi wa mumchere monga munthu ataya nsanza za umphawi wake, nadya nyama ndi buledi masiku onse. Koma sadatero. Atachoka m'midzi kukakhala m'nyumba zosanjikizana, m'mene mulibe nthaka yokwirira mbiya, akatswiri ao adakhala pansi napanga firiji yapadera ya kimchi, yosunga kuzizira kofanana ndi kwa nthaka ya m'chisanu, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 idalowa m'nyumba zambirimbiri. Nzeru zomwezo zimene zidapanga makompyuta adazitumiza kukatumikira ndiwo za agogo. Kwathu timati tsobola wakale sawawa, pofuna kunena kuti za makolo zidatha mphamvu; koma ndidamlawa tsobola wakale amene adagona m'mbiya, ndipo amawawa ndithu.

Nanga ife? Pa ukwati wa m'tauni mudzapeza mpunga, nkhuku, tchipisi ndi kabichi wothira mayonezi. Mfutso wotendera simudzauona, ngakhale kuti theka la okhala pa mipando adaleredwa nawo. Mlendo wolemekezeka akafika pakhomo, thobwa limabisidwa kukhitchini, mwana natumidwa kugolosale kukagula chakumwa cha m'botolo. Chigwada, chisoso, denje, bonongwe, luni, makaka, zonsezi tidazipatsa dzina limodzi lakuti zakumudzi, ndipo munthu akapeza ntchito ya pa ofesi amayesa kuti kuzileka ndi chizindikiro chakuti Mulungu wamkumbukira. Ndikunena izi ndi chisoni, pakuti ndiwo zimenezi n'zimene zidaolotsa mitundu yathu pa zaka za chilala, ndipo sikuyenera kuti wotiolotsa pa mtsinje timkane titafika kutsidya.

Mkamwini wanga, amene ndi munthu woganiza ndipo sakonda kuvomera msanga, adanditsutsa pa gome pomwepo nditanena zonga izi. "Bambo," adatero, "iwowa akhoza kunyadira mfutso wao chifukwa adakhuta. Munthu amene amadya masamba ouma posankha yekha, ndi amene amawadya chifukwa palibe china, sakudya chinthu chimodzi. Ife njala sitidaitsanzike. Idabwera mu 2002, ndipo imabwerabe. Musadabwe kuti wothawa moto safuna kununkhiza utsi." Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo sindidawapeputse, pakuti mtengo umene tidalipira usiku umenewo ukadadyetsa nyumba ya kumudzi masiku ambiri, ndipo n'chapafupi kutamanda chakudya cha aumphawi utakhala pa mpando wawofowofo. Komabe ndidamuyankha kuti Akorea sadayambe ataleka kimchi kenaka n'kudzamkumbukira atalemera. Adamnyamula m'njira monse, ali ndi njala ndiponso atakhuta, wa m'fakitale ndi mwini fakitale yemwe, kotero kuti sipadakhale m'badwo umene udaiwala kapangidwe kake. Choopsa kwa ife n'chakuti luso limatha ndi m'badwo umodzi wokha. Ndipo tikadikira kuti tiyambe talemera tisanalemekeze mfutso, tsiku limenelo tidzapeza kuti odziwa kufutsa adagona kale kumanda. Iye sadavomere kwathunthu, ndipo nkhaniyo tikali kuikambabe tikakumana.

Pobwerera kunyumba m'galimoto, mdzukulu uja, amene adakhala chete nthawi yonse ya mtsutso wathu, adafunsa agogo ake aakulu kuti mfutso amapanga bwanji, pakuti adaudyapo koma sadaonepo popanga pake. Amayi adayankha monga mphunzitsi amene wadikira wophunzira zaka zambiri. Adati masamba ake ndi a khwanya, a chitambe kapena nkhwani, othyola mvula ikamapita kumapeto, asanakhwime. Uwasadzule, uwawiritse pang'ono pokha kuti asafe mtundu, uwayanike pa mphasa mopyapyala ndi kuwatembenuza kufikira atauma kuti tswatswa, pakuti chinyontho chikatsalamo nkhungu imalowa. Kenaka uwakulunge m'masamba a msuku, umange ndi luzi, upachike pamene utsi wa kukhitchini ufika. Mwanayo ankalemba zonsezi m'lamya ya amake. Adapangana kuti m'mwezi wa Epulo adzapita onse awiri kumudzi, ndipo amayi adandilamula kuti ndiyambiretu kufunsa kwa abale kumene misuku idatsalako, popeza ya m'phiri la kwathu ootcha makala adaitha, ndipo iwo safuna kumva za kusunga mfutso m'majumbo a pulasitiki.